Ngati kuli tizilombo tokhala m'madzi owira, kodi kuwiritsa madzi akumwa n'kutha nkhuni chabe?

Bambo wina wa ku Thyolo walemba kuti: "Ndagwira ntchito zaka 19 m'fakitale ya tiyi, mbali ya makina oumitsira. Mwana wanga wamkazi akuphunzira sayansi ku yunivesite, ndipo atabwera kutchuthi anatiuza kuti kuli tizilombo tina tokhala m'akasupe a madzi otentha osafa, komanso kuti mankhwala amene achipatala amayezera magazi a makanda ndi makhololo a TB amachokera ku tizilomboto. Chimvereni zimenezi, mayi akunyumba akuchita ulesi kuwiritsa madzi akumwa, ati n'kutha nkhuni chabe poti tizilombo sitifa ndi moto. Mlamu wanga naye akuti ndiye kuti madzi a mawira ndi mankhwala, akufuna akatunge ku Nkhotakota azimwa chifukwa cha m'mimba mwake. Chinanso, mdzukulu wathu ali ndi masabata 4 ndipo akuyenera kukayezedwa HIV posachedwa, koma mayi ake ayamba kuopa kuti amuyeza ndi tizilombo. Ine zandisokoneza, chifukwa kuntchito ndimadziwa kuti moto ndiwo umaimitsa tiyi kuti asapitirire kuda. Zoona zake n'ziti?"

Bambo, mtima m'malo. Mwana wanu sananame, ndipo fizi yanu sikupita pachabe. Koma mayi apitirize kuwiritsa madzi, alamu anu asunge ndalama yawo ya basi, ndipo mdzukuluyo apite naye kusikelo tsiku lake likakwana. Ine ndakhala zaka zambiri mu labotale ndikugwiritsa ntchito mankhwala amene mwana wanu akunenawo, ndipo ndikuuzeni kuti pabanja panu ponse, amene ali pafupi kwambiri ndi yankho ndinu, chifukwa cha makina amene mumaima pambali pake tsiku ndi tsiku.

Tiyambire m'fakitale momwemo. Tsamba likabwera kuchokera kumunda mumaliyala kuti lifote, kenako limalowa m'makina olipera. Likangotuluka m'menemo limayamba kusintha mtundu, kuchoka kobiriwira n'kumafiira ngati mkuwa, fungo nalo n'kusintha. Kufakitale mumati fermentation, ngakhale palibe chimene chikusasa ngati mowa. Mkati mwa tsambalo muli kanthu kotchedwa polyphenol oxidase, kamene kamakhala m'chipinda chakechake tsamba lili lathunthu. Makina akaling'amba, kanthuka kamakumana ndi madzi ena a m'tsambamo ndiponso mpweya, n'kuyamba kupanga zinthu zimene zimapatsa tiyi mtundu ndi mphamvu m'kapu. Mukachedwa kumulowetsa m'makina oumitsira, tiyi amafooka, olawa n'kumugwetsa mtengo. Mpweya wotentha ukangomuomba, kusinthako kumaima. Kanthu kameneka ndiko timati enzaimu, ndipo ntchito yanu ya zaka 19 yakhala yophera enzaimu pa nthawi yake.

Ndati "kupha", koma enzaimu si chamoyo, ndipo apa ndi pamene mayi a mdzukulu wanu asokonezekera. Enzaimu siipuma, siidya, siiswana. Ndi puloteni, chingwe chachitali chimene chinapindidwa mwaluso mpaka kukhala ndi kampata kolowamo chinthu chimodzi chokha, monga momwe kiyi amalowera m'loko wake. Mphamvu yake yonse ili m'mapindidwewo. Kutentha kukakwera, chingwecho chimanjenjemera mpaka timfundo tochigwira timamasuka, kampata kaja n'kuphwasuka. Onani dzira pa chiwaya: choyera chake chimayamba chili ngati madzi, chikapsa chimalimba, ndipo ngakhale mutaliika mufiriji sabata yathunthu silibwereranso mwakale.

Mayi akunyumba amazidziwa bwino izi, kungoti dzina lake ndi lina. Afunseni chifukwa chimene sathirira chimera m'phala la thobwa likadali pamoto. Amaliphula, n'kudikira lipoleko, kenako n'kuthira. M'chimera muli enzaimu yotchedwa amylase imene imadula wowuma wa ufa kukhala shuga, n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda wothiramo shuga. Mukathira likubwata, chimera chapsa, thobwa silikoma. Mukathira litazizira kwambiri, ntchito imayenda ngati nkhono. Enzaimu iliyonse ili ndi kutentha kwake kumene imakondwa nako, ndipo zambiri za zomera, nyama ndi anthu zimayamba kuphwasuka kutentha kukadutsa madigiri 50 kapena 60.

N'chifukwa chake akatswiri akale ankakhulupirira kuti m'madzi otentha kwambiri simungakhale chamoyo. Amene anatsutsa zimenezi ndi Thomas Brock, mphunzitsi wa pa Indiana University ku America. Iye ankapita ku Yellowstone, nkhalango yotetezedwa yodzaza ndi akasupe owira, ndipo mu 1966 iye ndi wophunzira wake Hudson Freeze anatapa utoto woterera wa pakasupe wotchedwa Mushroom Spring. Atakaulera mu labotale pa madigiri 70, munamera bakiteriya wooneka ngati timitengo tachikasu. Mu 1969 anamulengeza ndi dzina loti Thermus aquaticus, kutanthauza wa kutentha, wa m'madzi. Bakiteriyayu amakula bwino pa madigiri 70, amapirira mpaka pafupifupi 79, koma pansi pa 40 sakula. Nambala yomalizayi muisunge, tiifuna tikafika pa nkhani ya madzi akumwa.

Pambuyo pake anapezekanso ena opirira koposa. Mu 1986 kunalengezedwa Pyrococcus furiosus, wochokera mumchenga wotentha wa m'nyanja pachilumba cha Vulcano ku Italy, amene amasangalala pa madigiri 100. Wina, Methanopyrus kandleri wa pansi pa nyanja yaikulu, anaonetsedwa mu 2008 akuswana pa madigiri 122, m'chiwiya chopanikizidwa kuti madzi asasanduke nthunzi. Awiriwa kwenikweni si mabakiteriya, ndi a gulu lina lotchedwa archaea, koma zimenezo tiwasiyire ana a sukulu.

Funso lanu lenileni ndi lakuti: nanga maenzaimu a tizilomboti amapulumuka bwanji pamene ya m'tiyi imafa? Sikuti anapangidwa ndi zinthu zachilendo. Njerwa zake ndi zomwezo, mitundu 20 ya ma amino acid yomwe ilinso m'thupi mwanu ndi m'tsamba la tiyi. Chosiyana ndi mamangidwe. Taganizani za mitolo iwiri ya nkhuni za bulugamu, umodzi womangidwa ndi luzi pamalo amodzi, wina womangidwa ndi linya pamalo asanu, nkhuni zake zitathithikana popanda mpata. Muikweze yonse pa thirakitala yodutsa msewu wamabampu wa mu esiteti. Woyambawo ufika utamwazika, winawo uli gwa. Enzaimu yopirira kutentha ili ndi timfundo tambiri togwirana pakati pa mbali zake, mkati mwake ndi mothinana, ndipo ilibe nsonga zambiri zolendewera zomwe kutentha kungayambirepo kumasula. Koma kulimbako kuli ndi mtengo wake. Pamalo ozizira enzaimu yotere imauma gwa, siitha kupindika kuti igwire ntchito. Imafuna moto kuti ifewe, monga phula.

Tsopano za kuchipatala. Mu 1976 Alice Chien ndi anzake pa University of Cincinnati anapatula enzaimu imodzi mwa bakiteriya wa Brock uja, imene ntchito yake ndi kukopera DNA, malangizo a chibadwa amene ali m'chamoyo chilichonse. Imatchedwa Taq polymerase, dzina lodulidwa kuchokera ku Thermus aquaticus. Kwa zaka zingapo inangokhala m'mabuku. Kenako mu 1983 Kary Mullis, wa pakampani ya Cetus ku California, anatulukira njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA yotchedwa PCR, imene anadzalandira nayo mphoto ya Nobel mu 1993.

Njirayi imayenda motere. DNA ili ngati zipi ya thalauza, mizere iwiri yolumana. Kuti muikopere muyenera kuitsegula, ndipo chotsegulira chake ndi kutentha kwa madigiri 94 kapena 95. Kenako mumatsitsa kufika pakati pa 50 ndi 65 kuti tizidutswa tolozera, timene tinakonzedwa kuti tizindikire kachilombo kamene mukufunako kokha, tikakamire pamalo pake. Mukatero mumakweza kufika 72, enzaimu n'kumanga mzere watsopano pambali pa uliwonse wakale. Panali zipi imodzi, pano ziwiri. Mukabwereza zikhala 4, kenako 8. Pa ulendo wa 10 zapitirira 1,000, pa wa 20 zapitirira 1 miliyoni, pa wa 30 zapitirira 1 biliyoni. Kachilombo kamene kanabisala m'kadontho ka magazi kamafika poti makina akuona.

Vuto linali pa madigiri 95 paja. Poyamba ankagwiritsa ntchito enzaimu ya bakiteriya wa m'matumbo, E. coli, imene inkapsa ulendo uliwonse ngati chimera m'phala lobwata. Munthu ankakhala pambali n'kumatsegula kachubu, kuthiramo ina, kutseka, kutenthetsa, kutsegulanso, maulendo 30. Taq itayesedwa, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1988, zonsezi zinatha. Pa madigiri 95 imatha mphindi pafupifupi 40 theka lake lisanafooke, pamene ulendo uliwonse umangofuna masekondi ochepa pa kutentha kumeneko. Mumathira kamodzi, kutseka, makina n'kumakweza ndi kutsitsa kutentha okha. Kusintha kumeneku ndiko kunachititsa kuti PCR ichoke m'manja mwa akatswiri ochepa n'kufika pachipatala cha boma.

Lero njirayi ili paliponse pamene mwadutsapo osadziwa. Makina a GeneXpert, amene bungwe la WHO linawavomereza mu 2010, amayeza makhololo n'kunena pasanathe maola awiri ngati muli TB, komanso ngati TB-yo ikukana mankhwala a rifampicin. Kuyeza kuchuluka kwa HIV m'magazi kwa amene akumwa ma ARV kumadalira njira yomweyi. Ija ankatitokosa m'mphuno nthawi ya COVID-19 inalinso PCR. Ngakhale kumunda: inu a ku Thyolo mukudziwa mmene matenda a chisaka anathera nthochi, ndipo njira imodzi yotsimikizira kuti mbewu ilibe kachilomboko isanachulukitsidwe n'kugawidwa kwa alimi ndi yomweyi, poti mphukira imatha kuoneka yathanzi kachilombo kali mkati.

Za mdzukulu wanu, mayi ake amve izi. Palibe kachilombo kapena enzaimu imene imalowa m'thupi la mwana. Achipatala amangomubaya pang'ono kuchidendene kapena kuchala chachikulu cha phazi n'kutenga madontho ochepa a magazi. Magaziwo ndiwo amapita kukakumana ndi enzaimu m'kachubu, mwana ali kumsana kwa mayi ake. Ndiponso enzaimu ya masiku ano sachita kukatunga kukasupe. Malangizo ake anaikidwa mwa mabakiteriya oleredwa m'matanki a fakitale, ndipo imafika kwa ife itayeretsedwa, kamadzi koyera m'kabotolo kochepa kuposa chala chakaniso. Chifukwa chimene khanda silingayezedwe ndi kachipangizo ka mphindi zochepa kamene amayezera akuluakulu n'chakuti kameneko kamayang'ana asilikali a m'thupi olimbana ndi HIV, ndipo mwana amabadwa ndi asilikali a mayi ake, amene amatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18. PCR imayang'ana kachilombo kenikeniko. Choncho pa masabata 6 apite naye. Tsiku lomwelo amayambanso Bactrim womuteteza ku matenda ena, ndipo adzayezedwanso pa miyezi 12 ndi 24, poti kuyamwa kukupitirira. Mwana amene ali ndi kachilombo koma sanayambe mankhwala amafooka msanga kwambiri m'chaka choyamba, ndiye kuzengereza kuno n'koopsa kuposa chilichonse chimene mayi ake akuopa.

Zotsatira zikatuluka kuti kachilombo kapezeka, mankhwala amayambika pompo, koma amatenganso magazi ena kuti atsimikize. Musadabwe nazo, ndipo musaganize kuti achipatala akukayika ntchito yawo. Mphamvu ya njirayi ndiyonso kufooka kwake: imachulukitsa chilichonse chimene yapeza, ngakhale chimene chalowa mwangozi. Ndikadali watsopano pantchito, palabotale ina, ndinatsegula machubu omaliza kuyezedwa patebulo lomwe tinkakonzerapo atsopano. M'mawa mwake chilichonse chinkaonetsa kuti chili ndi kachilombo, mpaka kachubu ka madzi okhaokha kamene timaikapo dala ngati mlonda. Tinataya sabata yathunthu tikutsuka ndi jiki matebulo, zitseko, ngakhale zolembera. Palibe zotsatira zolakwika zimene zinatuluka pakhomo, chifukwa mlonda uja anakuwa, koma manyazi ake ndimawamvabe.

Tifike kwa mayi ndi nkhuni zawo. Dandaulo lawo ndikulimva, mtolo wa nkhuni ndi thumba la makala sizikugulika. Koma maganizo awo ali ndi bowo. Kachilombo kuti kakudwalitseni kayenera kukhala ndi kuswana m'thupi mwanu, pa madigiri 37. Thermus aquaticus pa 37 ali ngati munthu wa ku Nsanje amene mwamugoneka pa Sapitwa mu June wopanda bulangeti. Sangadye, sangaswane, ndipo sadziwika kuti anadwalitsapo munthu. Kolera, taifodi, kamwazi ndi tizilombo totsegula m'mimba mwa ana tinazolowera kutentha kwa matumbo athu, ndipo maenzaimu awo ndi ofewa ngati ya m'tiyi ija. Kachilombo kamodzi sikangakhale katswiri mbali zonse ziwiri, chifukwa mamangidwe amene amakapulumutsa m'kasupe ndi omwewo amene amakaumitsa m'mimba mwa munthu.

Onani mkaka umene alimi a ku Bvumbwe amagulitsa. Kufakitale amautenthetsa pa madigiri 72 kwa masekondi 15 okha, ndipo zimenezo zimakwana kupha tizilombo toyambitsa matenda. Madzi obwata apitirira pamenepo kutali. Kwanu kumtunda madzi amawira pa madigiri pafupifupi 97, osati 100, ndipo pamwamba pa Sapitwa, mamita 3,002, amawira pafupi ndi 90. Ngakhale pamenepo kolera sapulumuka. Ndiye uthenga wabwino kwa mayi ndi uwu: safunika kuwiritsa madzi theka la ola. Akangobwata kwenikweni, thovu lalikulu likugudubuzika, mphindi imodzi yakwana, aphule. Nkhuni zambiri zimathera pa kuwiritsa kopitirira muyeso ndi pa mphika wosavundikira. Tsiku limene nkhuni palibe, athire WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsata muyeso, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala amatope ayambe awasefa pa nsalu yoyera, poti klorini amafooka m'matope.

Sindikunena izi mongocheza. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe wa Freddy atagumula zimbudzi ndi mipope ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu March 2023, madzi ambiri ooneka oyera anali osayenera kumwa. Kasupe wotsika m'phiri akhoza kuoneka mbee, koma simudziwa amene wadzithandiza kumtunda kwake.

Pali pamodzi pamene mayi akhoza kundigwira mawu, ndipo ndivomereze ndisanagwidwe. Mabakiteriya ena, zinthu zikavuta, amadzitsekera m'kachikwa kolimba ngati njere, ndipo njere zimenezi kuwira wamba sikuzipha zonse. N'chifukwa chake zipangizo za opaleshoni saziwiritsa mumphika koma amaziika m'makina a nthunzi yopanikizidwa pa madigiri 121, ndipo poyesa ngati makinawo akugwira ntchito amaikamo dala njere za bakiteriya wokonda kutentha, Geobacillus stearothermophilus. Zikafa zimenezo ndiye kuti zonse zafa. Pakhomo, njere zotere sizivuta m'madzi akumwa. Zimavuta m'chakudya chogona, makamaka mpunga. Njere za Bacillus cereus zimapulumuka pophika, mpunga ukazizira pang'onopang'ono mumphika usiku wonse zimadzuka n'kuswana, ndipo poizoni wake satha ngakhale mutatenthetsanso m'mawa. Ana akasanza patangopita maola ochepa atadya mpunga wadzulo, kawirikawiri nkhani imakhala imeneyi. Koma chimene ndachiona kwambiri m'midzi n'chosavuta kuposa apa: madzi awiritsidwa bwinobwino, kenako athiridwa mu ndowa yosavundikira, aliyense n'kumaviikamo kapu ndi zala zomwe. Sungani m'chigubu cha kukamwa kochepa, muzichita kutsanula.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo azimwa ali m'njira yopita kuchipatala, osadikira kuti kuche. Kolera amatha kupha munthu wamkulu tsiku lisanathe. Mwana amene maso alowa, liwombo lalowa, wasiya kuyamwa kapena chimbudzi chili ndi magazi, n'chimodzimodzi.

Alamu anu tsopano. Akasupe otentha tili nawo ndithu, chifukwa dziko lathu lili mu chigwa chachikulu chong'ambika chimene munakhala nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire. Madzi a mvula amalowa pansi kwambiri m'ming'alu ya miyala, amatenthedwa, n'kukweranso. Alipo ku Nkhotakota, ku Liwonde, ku Karonga, ndipo a ku Chiweta ku Rumphi amapitirira madigiri 70, okwanira kusupula khungu. N'zosakayikitsa kuti m'menemo muli tizilombo tokonda kutentha. Koma enzaimu si mankhwala akumwa. Ngakhale mutamwa botolo lathunthu la Taq, mimba yanu idzaigaya monga imagayira nyemba kapena usipa, poti ndi puloteni basi. Ntchito yake ndi ya m'kachubu.

Chimene alamu angapeze m'madzimo ndi mchere wa fluoride, umene umachuluka m'akasupe otentha ambiri a m'chigwachi kupitirira malire a WHO a mamiligalamu 1.5 pa lita. Ndiwo umathimbiriritsa mano a ana okulira m'madera ena, ndipo ukamwedwa wambiri kwa zaka umalimbitsa mafupa ndi mfundo molakwika. Kuwiritsa sikuuchotsa, kumangouwonjezera mphamvu poti madzi ena athawa ngati nthunzi. Kusamba m'madzi ofunda kumapepuza thupi lophwanya, zimenezo sinditsutsa, bola ayese kaye ndi dzanja ndipo asamize mutu. M'maiwe ofunda, osati otentha kwambiriwo, mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri kamene kamalowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika opulumuka ndi ochepa. Ndipo m'mimba mwawomo akapimitse. Ngati mwatha masabata angapo mukuwawa, kapena akuonda, akusanza magazi, chimbudzi chikuda ngati phula, kapena chakudya chikuima pakhosi, asataye nthawi ndi ulendo wa ku Nkhotakota, apite kuchipatala chachikulu cha boma sabata ino.

Mwina mungadabwe kuti tizilombo tokonda kutentha simufunika ulendo kuti mutipeze. Pisani dzanja mu mulu wa manyowa umene wapsa bwino: mkati mwake mumafika madigiri 60 ndi kupitirira, ndipo amene akugwira ntchito m'menemo ndi abale a omwewa. Brock yemweyo anadzapeza Thermus m'matanki a madzi otentha a m'nyumba wamba. Sindingadabwe atapezeka m'mapaipi ofunda a kufakitale kwanu, pafupi ndi boyila.

Izi zikundifikitsa kwa mwana wanu, poti nkhaniyi anayambitsa ndi iye. Mu 1991 kampani ya Hoffmann-La Roche inagula umwini wa njira ya PCR pa madola 300 miliyoni. Nkhalango ya Yellowstone, kumene kunachokera bakiteriya uja, sinalandirepo gawo. Brock naye sanalemere nazo, iye anangopereka bakiteriyayo kunkhokwe yosungira tizilombo kuti aliyense wofuna kuphunzira atenge. Ku Kenya kunabuka mkangano wofanana m'zaka za m'ma 2000, pa maenzaimu ochokera ku tizilombo ta m'nyanja zamchere monga Bogoria, amene anakathera mu sopo ndi m'mafakitale ofewetsa jinzi kunja. Nkhani zotere ndi zina mwa zimene zinabala pangano la Nagoya la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, loti wotenga zamoyo za dziko lina apemphe chilolezo ndipo phindu ligawidwe. Malawi ali m'panganoli. Ine maganizo anga ndi akuti pangano lokha silitipindulira kanthu ngati otapa matope a ku Chiweta adzakhale alendo nthawi zonse, ife n'kumangowanyamulira zikwama.

Ndipo ntchito ikadalipo yambiri. Taq ili ndi chilema chake, siibwerera kukakonza ikalakwitsa pokopera, n'chifukwa chake pa ntchito zofuna kulondola kwambiri timagwiritsa ntchito enzaimu ina yotchedwa Pfu, ya Pyrococcus uja. Palinso njira ina yotchedwa LAMP, yotulukiridwa ku Japan mu 2000, imene enzaimu yake imagwira ntchito pa kutentha kumodzi kokha, madigiri 60 mpaka 65, popanda makina okweza ndi kutsitsa. Kwa chipatala chaching'ono cha kumudzi kumene magetsi amazima makina ali pakati pa ntchito, njira yotere ndi yamtengo wapatali, ndipo WHO inavomereza mtundu wake woyezera TB mu 2016. Mafakitale a zakudya za nkhuku amafuna maenzaimu osapsa pamene chakudyacho chikuumbidwa ndi nthunzi. Opanga shuga wamadzi kuchokera ku wowuma wa chimanga kapena chinangwa amafuna amylase yogwira ntchito pamwamba pa madigiri 100, chimera chosaopa phala lobwata.

Ngati mtsikanayo ali ndi chidwi, poyambira pake si patali. Yunivesite ya MUST ili kwanu komweko ku Ndata, ndipo malo ofufuzira za tiyi a Tea Research Foundation ali ku Mimosa ku Mulanje. Alankhule ndi aphunzitsi ake asanatape kanthu, chifukwa kafukufuku wotere amafuna chilolezo cha boma kudzera ku National Commission for Science and Technology, komanso mawu a mafumu ndi anthu ozungulira kasupeyo, amene ena amakhala ndi miyambo yawo pamalopo. Zipangizo zoyambira si zodula: fulasiki yosunga kutentha, choyezera kutentha, mabotolo ophikidwa bwino, ndi kabati yofunditsira yotha kufika madigiri 65. Chovuta chimene adzakumane nacho msanga n'chakuti mbale zolererapo tizilombo zimauma n'kung'ambika pa kutentha kumeneko, ndiye adzafunika kuzikulunga ndi kuika kambale ka madzi m'kabatimo.

Asanabwerere kusukulu, mupempheni kapitawo wanu ngati angalole kuti mumuonetse mzere wonse, kuyambira pofotetsa mpaka pamene tiyi amatuluka m'makina anu ali wakuda ndi wouma. Mumuuze atapeko tsamba lopera pang'ono lisanalowe, aligawe pawiri, theka alithire madzi obwata, theka alisiye pa mbale, n'kuyang'ana mitundu yake pakatha ola limodzi. Mayi akunyumba akhalepo poyang'anapo.